Zenera la Kumsana kwa Besi Yanga

Pali nkhani imene imakambidwa molakwika ku Kabwata, ndipo popeza amene tinaiona ndi maso tatsala owerengeka, ndaona kuti ndi bwino ndiilembe ndisanatsikire kuli chete. Anthu amati gitala yanga ya besi inali ndi zenera kumsana chifukwa mmisiri amene anaipanga anali atakalamba, dzanja linamutsetsereka, anaboola thabwa mopitirira muyeso, ndiye pobisa manyazi anaikapo galasi. Amatinso tsiku limene asilikali anatiimitsa pa msewu wa ku Chelstone tinapulumuka chifukwa mtsogoleri wa bandi yathu anawalankhula Chibemba chokoma mpaka iwo anaseka. Ndinazimvanso mwezi wathawu pa maliro, zikutuluka m'kamwa mwa munthu amene nthawi imeneyo anali asanamere mano. Zonse ziwiri n'zabodza. Mmisiri uja sanalakwitsepo muyeso. Zenera lija ndinalifuna ndine, ndinalilimbikira milungu itatu, ndipo chimene chinandichititsa si kudzionetsera monga ena amanenera. Anali mantha.

Masiku amenewo ndinali kalaliki mu ofesi ina ya boma ku Longacres. Ndinali nditamaliza Fomu Faivi, ndipo mu mzere wathu wonse wa nyumba ku Kabwata panalibe wina amene anafika pamenepo. Loweruka ndinkaimba besi mu bandi ya anthu asanu, m'maukwati ndi m'maholo. Besi imene ndinkaimba inali ya mphunzitsi wina, ndipo iye atasamutsidwira ku migodi anapita nayo, n'kundisiyira nsambo zinayi zakale zokha. M'masitolo a mu Cairo Road munalibe gitala ngakhale imodzi, munalibe ndi sopo yemwe. Munthu wofuna choimbira ankachita kupangitsa.

Wopanga analipo mmodzi, kuseri kwa msika wa Kabwata, pansi pa shedi ya malata. Anali bambo wachikulire, Msilamu, amene makolo ake anabwera naye ali mwana kuchokera ku Malawi. Tonse tinkangowatcha amisiri. Ntchito yawo yeniyeni inali makabati ndi mipando ya m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, pa chinthu chimene apanga sipankaoneka msomali kapena sikuluwu, ngakhale munthu atachitembenuza chadodolido. Chachiwiri, m'makabati awo ankaikamo kadilowa kachinsinsi kamene madona ankabisamo ndolo ndi mikanda. Chaka chapitacho anali atapangira mtsogoleri wa bandi yathu gitala yakuda yonyezimira, yomata mwaluso moti molumikizira matabwa simunkaoneka. M'mimba mwake munthu wina wokonza mawayilesi anali ataikamo kabolodi ka matilanzisita kokhadzula mawu, monga achinyamata ankakondera nthawi imeneyo. Panja panali masiwichi atatu, ndipo batire inkalowera pa kachitseko kobisika kamene ankakadziwa mwini wake yekha. Mtsogoleriyo, mnyamata wa ku Luapula wa pakamwa potsekemera, ankainyadira gitala imeneyi kuposa mkazi wake.

Koma nthawi inali itasintha. Dziko linali la chipani chimodzi, ndipo kutsidya kwa Zambezi kunali nkhondo. Ndege za kumeneko zinkabwera dzuwa likuswa mtengo kudzaponya mabomba pa misasa ya omenyera ufulu imene inali kunja kwa mzinda. Mawindo a mu ofesi yathu ananjenjemerapo ine ndili pakati pa kalata. Anthu anayamba kufunsana kuti ndegezo zimadziwa bwanji pamene pali misasa, ndipo yankho linali limodzi pakamwa pa aliyense: pakati pathu pali akazitape okhala ndi timawayilesi tobisika m'mabuledi, m'mabuku, ngakhale m'zidendene za nsapato. Wapampando wa chipani wa gawo lathu ankalemba mlendo aliyense wofika m'nyumba za anthu. Munthu wonyamula chinthu chotuluka waya ankayenda maso onse ali pa iye.

Wokonza mawayilesi uja anamugwira ine ndikuona. Inali nthawi ya nkhomaliro, pafupi ndi City Market. Anali atanyamula kabokosi kake koyezera magetsi, kokhala ndi singano yoyenda ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Mayi wina wogulitsa tomato anamufunsa kuti kabokosiko n'kachiyani, ndipo iye, pokhala munthu wa nthabwala, anayankha kuti ndi kolankhulira ndi apongozi ake a kumudzi. Posakhalitsa anali pakati pa khamu. Anamulamula kuti akatsegule, koma timasikuluwu take tinali tating'ono kwambiri ndipo chomasulira anali atachisiya ku shopu. Anamuvula nsapato, anamukhazika pansi, kenako anamukweza m'galimoto. Ine ndinaima tsidya la msewu nditavala tayi yanga, ndipo sindinanene kanthu, ngakhale ndinkadziwa dzina lake, nyumba yake ndi ntchito ya kabokosiko. Anabwerera patapita miyezi yambiri khutu limodzi litagontha, manja akunjenjemera moti sanagwirenso waya. Chimene chinanditsalira m'mutu ndi funso limene munthu wina anafuula m'khamu lija, lakuti ngati mulibe kanthu, nanga bwanji sakutsegula.

Funso limeneli ndinapita nalo kwa amisiri tsiku lokasankha kapangidwe ka besi yanga. Mtsogoleri wathu anandiperekeza, akudziona ngati mlangizi.

Pa nkhani ya mtengo sitinavutane. Amisiri anatulutsa matabwa awiri, la mbawa ndi la mlombwa, n'kumagogoda lililonse ndi chala pafupi ndi khutu langa. La mlombwa linachokera pa chitseko cha nyumba yakale ya azungu imene inagwetsedwa ku Woodlands. Linali louma bwino, ndipo likagogodedwa linkayankha pansipansi, mawu ake n'kuchedwa kutha. Ndinasankha limenelo. Kutalika kwa khosi anayeza ndi chingwe kuchokera paphewa panga kufika kunsonga kwa zala, kuti ndisamachite kudzikoka poimba. Malo a mafuleti, timizere tachitsulo topingasa pakhosi, ndinawerengera ndine, pogwiritsa ntchito matebulo a masamu a kusekondale, ndipo ndinawapatsa pa pepala la ofesi lolembedwa bwino. Iwo anayerekeza ndi ndodo yawo yoyezera imene anapangira gitala yakuda ija, anagwedeza mutu, n'kunena kuti sukulu ndi diso zagwirizana. Mafuletiwo anasula kuchokera ku timitengo ta mkuwa towotcherera zitsulo.

Titafika pa maonekedwe, mtsogoleri wathu anatulutsa chithunzi chimene anadula m'magazini. Inali besi yosongoka ngati muvi, ya nsambo zisanu, zopotokola zinayi. Ankafuna kuti yanga ikhale yotero, ipakidwe utoto wakuda kuti ifanane ndi yake, kapena wobiriwira ngati wa asilikali, ndiponso tiipangire bokosi lalitali la maloko awiri. Ndinakana chilichonse. Ndinati thupi likhale lozungulira ngati la gitala wamba imene ngakhale agogo aidziwa. Nsambo zikhale zinayi. Utoto usapakidwe, angoipaka mafuta kuti mtengo uzioneka kuti ndi mtengo. Pikapu, kachipangizo ka maginito kotola mawu a nsambo, ikhale imodzi. Zopotokola ziwiri, china chokwezera mawu, china chosinthira kamvekedwe. Siwichi ayi, batire ayi. Za bokosi ndinati asazitchule n'komwe, chifukwa bokosi lalitali lotseka ndi maloko, pa msewu wa masiku amenewo, linali ndi tanthauzo limodzi lokha. Mkazi wanga anadzandisokera thumba la chitenje, ndipo ndinamuuza kuti alifupikitse dala kuti mutu wa besi uzisuzumira panja.

Ngakhale chitsulo cha m'khosi chinandisowetsa mtendere. Amisiri anati m'kati mwa khosi muyenera kulowa ndodo yachitsulo, apo ayi nsambo zidzalikoka ndipo mvula ikadzayamba lidzapindika ngati uta. Ine ndinkangoona chitsulo chachitali chobisika mu mtengo, ndi mmene munthu wokwiya angachitchulire. Tinagwirizana kuti nsonga yake isavindikiridwe kumutu, izioneka. Pamenepo amisiri anali atayamba kale kundiyang'ana ndi diso lina.

Kenako ndinanena chimene ndinabwerera.

"Bambo, kumsana kuno, pamene padzakhale mawaya, musamatepo thabwa. Muikepo galasi loti munthu aziona zonse zili m'kati. Ligwidwe ndi masikuluwu anayi a mitu ikuluikulu, oti ndalama yachitsulo izitha kumasula."

Amisiri anaika chosemera pansi, anapukuta manja pa thewera lawo lantchito, n'kundifunsa modekha:

"Akalaliki, munaonapo munthu akuyenda mumsewu matumbo ali panja?"

Mtsogoleri wathu anaseka mpaka anatsamira mzati wa shedi. Anati ba Fomu Faivi afuna besi ya windo monga shopu ya pa Cairo Road, ndipo ba mudala asaiwale kuikamo na keteni. Dzina la ba Fomu Faivi ndi limene ankanditcha akafuna kundinyoza. Amisiri sanaseke. Anandifotokozera kuti amene anawaphunzitsa ntchito anawauza kuti sikuluwu yoonekera ndi manyazi a mmisiri, ndipo iwo sanaswepo lamulo limeneli kuyambira ali mnyamata. Anati akachita zimene ndikupemphazo, anthu adzati mkuluyu wakalamba, dzanja linamutsetsereka, anaboola thabwa n'kubisa ndi galasi. Pamenepa ananena zoona, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba.

Ndinapitako masiku ambiri ndikaweruka. Thupi la besi linatha, khosi linatha, koma kumsana kunali chikhalire chosagobedwa, chifukwa iwo ankadikira kuti ndisinthe maganizo ndipo ine ndinkadikira kuti asinthe iwo. Tsiku lina madzulo ndinawapeza ali okha, atangomaliza kuswali, kupemphera kwawo kwa Chisilamu. Ndinawafotokozera zimene ndinaona pa City Market, zonse, kuphatikizapo kukhala chete kwanga. Kenako ndinanena mawu amene ndinkawazengereza. Ndinati chinthu chotseka chikagwidwa pamsewu, funso loyamba limakhala lakuti muli chiyani, lachiwiri lakuti anapanga ndani. Ndipo akamva kuti wopangayo kwawo ndi ku Malawi, dziko limene masiku amenewo anthu ankalinena kuti limadyera limodzi ndi azungu a kum'mwera, sipadzakhalanso funso lachitatu. Amisiri anapitiriza kusalaza thabwa limene linali losalala kale. Pomaliza anati ana awo onse anabadwira kuno ndipo ku Malawiko sadziwako munthu. Anandiuza kuti ndibwere Lachisanu.

Lachisanu ndinapeza atagoba kumsana, kachipinda kaudongo kotalika ngati chikhato. Galasi anali atalipeza. Chinali chivundikiro cha pulasitiki yoonekera cha galamafoni yowonongeka, imene dona wina wa ku Kabulonga anataya iwo akukonza kabati yake. Anachidula pakati, theka linalo analikoloweka pakhoma la shedi. M'mphepete mwa zeneralo anasema kankhwawa koti galasi ligonemo molingana ndi thabwa, moti munthu akayendetsa chala atatsinzina sankamva pamene mtengo wathera. Aliyense amene anaigwirapo besi imeneyi akudziwa kuti si ntchito ya dzanja lotsetsereka.

Kenako ndinasuzumira m'kachipindamo. Pansi pake panali mizere iwiri ya zilembo zopiringizika, zolembedwa ndi pensulo kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Amisiri anati ndi Chiarabu, ndipo amalemba m'chinthu chilichonse chimene apanga asanachitseke: m'makabati, m'mipando, m'zitseko, ndi m'gitala yakuda ija momwe. Mawu ake ndi oyamba ntchito m'dzina la Mulungu ndi kupempha kuti chinthucho chitumikire mwini wake mu mtendere. Palibe amene anadandaulapo chifukwa palibe amene anaonapo. Ine ndinaganiza za msilikali wa kumpoto, amene sanaonepo zilembo zotere chibadwire, akuzipeza pafupi ndi mawaya. Ndinapempha kuti afufute. Anandiyankha kuti sikuluwu andilolera, galasi andilolera, koma ndikafuna kuti afufute dzina la Mulungu nditenge matabwa anga ndizipita.

Sindinaumirire. Ndinawapempha kuti andiuze tanthauzo la mawu aliwonse pang'onopang'ono, ndipo mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, ndinatayipa tanthauzolo pa kakhadi, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Ndinatayipanso timapepala ting'onoting'ono totchula chilichonse cha m'katimo: maginito ndi waya wa mkuwa, chokwezera mawu, chosinthira kamvekedwe, potulukira mawu kupita ku ampulifaya. Zonse ndinazimata ndi guluu pamalo pake, kakhadi kaja pansi penipeni pa zilembo za amisiri. Iwo ataona anati sanaonepo gitala yokhala ndi mayankho a mayeso m'mimba.

Pikapu ndinakulunga ndekha, popeza wokonza mawayilesi uja, amene akanandikulungira, manja ake anali atatha. Mkazi wake anandipatsa waya wa mkuwa wopyapyala ngati tsitsi umene unatsala m'shopu, maginito ndinachotsa ku sipika yong'ambika, ndipo kukulungako ndinachitira pa makina osokera a akazi a amisiri, ndikukumbukira zimene tinaphunzira mu sayansi Fomu Folo. Waya unaduka kawiri, ndinayambiranso. Nsambo zakale zija ndinaziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke. Tsiku limene tinailumikiza ku ampulifaya, malata a shedi anayankha, ndipo amayi ogulitsa makala anabwera kudzaona chimene chikubangula.

Mawu ake palibe amene anawatsutsa. Chimene ankaseka ndi zenera. M'maukwati anthu ankandipempha kuti nditembenuze besi aone, ena n'kumawerenga timapepala tija mokweza. Mtsogoleri wathu ankalengeza pa maikolofoni kuti besi yathu inapita ku chipatala kukajambulidwa m'mimba ndipo madokotala anaiwala kutseka. Ine ndinkamwetulira pang'ono. M'thumba la malaya munkakhala ndalama imodzi yachitsulo imene sindinkagulira kanthu, ndipo ndisanatuluke m'nyumba ndinkaikhudza kaye.

Tsiku limene asilikali anatiimitsa lija linali Loweruka, nyengo yotentha mvula isanagwe, masana. Tinkapita kukaimba pa ukwati ku Chelstone pa vaneti yobwereka, zoimbira zili kumbuyo pamodzi ndi ife. Mlungu umenewo ndege zinali zitamvekanso. Tisanafike pokhotera tinapeza migolo itaimikidwa pamsewu ndi thabwa la misomali. Panali asilikali, ndipo m'mphepete mwa msewu munali anthu ambiri amene anawatsitsa m'mabasi, akatundu awo ali yasa pansi. Khamu linalipo kale, lotopa ndi dzuwa, likungosowa woti limuyang'ane.

Atatitsitsa nafenso, msilikali wina wachichepere anakwera kumbuyo kwa vaneti, ndipo choyamba kugwira chinali besi yanga, chifukwa ndiyo inali yaitali kuposa zonse. Anavula chitenje chija, anaigogoda, anaikweza poyesa kulemera kwake. Anaona nsonga ya chitsulo kumutu, anaikanda ndi chikhadabo. Kenako anaitembenuza, anaima, n'kuitana sajeni wake.

Sajeniyo anali munthu wamfupi wa imvi m'mbali, maso ofiira ndi tulo. Anayang'ana pa zenera, anandiyang'ana ine, n'kunena m'Chinyanja cha m'tauni kuti nisegule. Ndinatulutsa ndalama ija, koma inandipulumuka n'kugwera m'fumbi. Ndinapempha chilolezo choti ndiwerame, chifukwa mfuti ya msilikali uja inali pafupi ndi khutu langa. Sajeni anaitola yekha, anamasula masikuluwu anayi aja mosavuta, anachotsa galasi, n'kuyamba kuwerenga timapepala, milomo ikuyenda. Anaika kiyi wake pa pikapu, kiyi anamata. Anafunsa ngati muli batire, ndinati mulibe bwana. Anayang'ananso, anatsatira waya ndi chala kuchokera pa maginito kufika potulukira, n'kundibwezera besi, galasi ndi masikuluwu m'manja. Ndalama ija anaiponya m'thumba mwake mosaganiza, ndipo sindinaifunse.

Kenako anatenga gitala yakuda.

Anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna potsegulira, osapeza. Anayesa masiwichi atatu aja mmodzimmodzi. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo m'kati munagogoda chinthu. Apa ndi pamene mtsogoleri wathu analankhula Chibemba chimene anthu amachitamacho. Analankhuladi, sindikana. Anapereka moni wa ulemu wonse, anatchula mudzi wa kwawo, n'kunena kuti gitalayo siitseguka, anaipanga yomata. Sajeni anaigwedezanso, chinthu chija chinagogodanso. Ndiye mtsogoleriyo, pofuna kuonetsa kuti alibe chobisa, anakankha kachitseko kachinsinsi kaja ndi chala. Thabwa limene linkaoneka lathunthu linatsetsereka, batire inagwa n'kulendewera pa mawaya awiri, wofiira ndi wakuda.

Ndinamva phokoso likuyenda m'khamu ngati mphepo m'chimanga. Mayi wina anatchula mawu aja, kazitape, ndipo ena anawalandira. Sajeni anati munthu amene wanena kuti chinthu sichitseguka, kenako n'kuchitsegula pamalo obisika, wanama kamodzi kale. Anamuuza kuti achose nsapato ankale pansi. Ndinaona mapazi a mnzanga pa phula lotentha, ndipo ndinakumbukira mapazi ena pa City Market.

Gitalayo anaiswa ndi mpeni wa kumfuti. Ndilembe pano, chifukwa cha ulemu wa amisiri, kuti guluu wawo sanalole. Thabwa linang'ambika pena, molumikizira munakhala chigwirire. M'katimo munaoneka kabolodi ka matilanzisita, ndipo pambali pake mizere iwiri ya zilembo zopiringizika. Sajeni anakweza chibenthucho kuti aone bwino, anthu a m'khamu anayandikira, ndipo iye anafunsa:

"Ndani analemba ivi? Ndani anapanga ichi chintu?"

Chibemba cha mtsogoleri wathu chinali chitatha. Anali kulira mopanda mawu. Anandiyang'ana, anayang'ana sajeni, ndipo ndinaona milomo yake ikukonzekera. Ndinadziwa kuti mawu otsatira ndi dzina la amisiri ndi shedi ya kuseri kwa msika, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa munthu wokhala pansi wopanda nsapato amapereka chilichonse. Ine ndinali nditamasulidwa kale. Ndikanatha kuima chete ndi besi yanga monga ndinaimira tsidya la msewu tsiku lija, ndipo miyendo yanga inkafuna zomwezo. Mawu anga atatuluka anali aang'ono ngati a munthu wina.

"Bwana, ndikupempha muyang'anenso m'besi yanga. Zilembo zimenezo zilimonso, ndipo tanthauzo lake lalembedwa pansi pake."

Sajeni anandiyang'ana. Anati ngati nili kumuseweletsa nizankala pansi pamozi na munzanga. Kenako anagoneka besi pa chitseko cha kumbuyo kwa vaneti, chibenthu cha gitala yakuda pambali pake. Anayamba kuyerekeza zilembo kuchokera kumanzere. Ndinamuuza mwaulemu kuti zimayambira kumanja, ndipo anayambiranso. Anayenda ndi chala pa kangowe kalikonse ndi kadontho kalikonse, kuno ndi uko, kuno ndi uko. Amisiri ankalemba mofanana nthawi zonse, monga ankachitira ndi china chilichonse. Atafika kumapeto kwa mzere wachiwiri, sajeni anawerenga kakhadi kanga mokweza, Chingerezi choyamba, mwapang'onopang'ono, kenako Chinyanja. Anthu amene anali pafupi anamva kuti ndi pemphero lopempha mtendere. Bambo wina wa kofia ya Chisilamu m'khamumo anasuzumira n'kuvomereza ndi mutu.

Panatsala batire. Sajeni anafunsa chifukwa chake gitala iyi ili ndi batire pamene yanga ilibe. Ndinamupempha kuti atsatire waya monga anachitira m'besi. Ukuchokera pa maginito, ukulowa m'kabolodi, ukutuluka, ukuthera potulukira mawu, ndipo palibe wina wopita kwina kulikonse. Ndinati kabolodiko ntchito yake ndi kukhadzula mawu kuti achinyamata avine, ndipo chinthu cholankhula ndi ndege chimafuna mlongoti ndi polankhulira, zimene pano palibe. Anatsatira wayawo kawiri. Anazula kabolodi ndi batire n'kupatsa msilikali wachichepere uja kuti asunge. Za amene anapanga sanafunsenso. Anatembenukira kwa mtsogoleri wathu n'kunena, mosaseka ngakhale pang'ono:

"Iwe, chifukwa chani sunaike windo monga munzako? Vala nsapato, muyende."

Tinakwera. Thabwa la misomali analikoka, vaneti inadutsa. Ine ndinakhala pakona ndikubwezeretsa galasi, masikuluwu ndikuwapotokola ndi chikhadabo popeza ndalama inali itapita ndi sajeni. Mtsogoleri wathu anakhala moyang'anana nane, zibenthu za gitala yakuda zili pamiyendo, zingwe za nsapato zosamanga. Kenako tinayamba kumva nthungululu za ku ukwati. Pamenepo iye anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya, n'kundiitana ndi dzina langa lenileni, limene anali asanalitchule chaka chathunthu. Anandifunsa ngati theka lina lija la chivundikiro cha galamafoni likadali pakhoma kwa amisiri.

Ndinamuuza kuti likadalipo.